Ku Kaole, mudzi umene msika udauthawa

Ambiri a inu amene mumakapikula katundu ku Dar es Salaam mumaudziwa mzindawo ngati mmene khoswe amadziwira nkhokwe: polowera, pamene pali chimanga, ndi potulukira basi. Mukangotsika basi ndi liwiro la ku Kariakoo, kumanga mabelo a zitenje, nsapato ndi ziwiya, kugona tulo ta diso limodzi kuopa akuba, mawa lake ulendo wobwerera ku Songwe. Alipo amayi pa msika wa Limbe ndi wa Lilongwe amene apitako kakhumi konse, koma madzi a nyanja yamchere sadawakhudzepo ngakhale ndi chala.

Sindikukunenani ayi. Msewu wochokera pa Songwe kudzera ku Iringa, Mikumi ndi Morogoro ndi woposa makilomita 900, ndipo munthu amene wanyamula mpamba wake wonse m'chiuno saganiza za tchuthi. Koma tamverani za kamudzi kena kotchedwa Kaole, kamene ndidakagonako masiku atatu. Ndi malo opumulirako, komanso ali ndi nkhani imene munthu wa geni aliyense ayenera kuimva.

Kaole ali m'mbali mwa nyanja ya India, makilomita asanu kummwera chakummawa kwa tawuni ya Bagamoyo. Bagamoyoyo ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 70 kumpoto kwa Dar. Mumakwera minibasi, zimene kumeneko amati daladala, kudzera ku Tegeta ndi Bunju. Mukatuluka m'chipiringu cha magalimoto a mu mzinda, ulendo wake ndi waufupi, ngati wochoka ku Blantyre kupita ku Zomba. Mukafika pa Bagamoyo mumapeza bajaji, tinjinga tamoto ta mawilo atatu tija, n'kukutulani pa Kaole musanamalize n'chinangwa chootcha chomwe.

Choyamba chimene chimamusokoneza Mmalawi ndi nyanjayo. Ife tidazolowera nyanja yathu ya ku Mangochi ndi ku Salima, imene ukaisiya apa madzulo umakaipeza pomwepo mmawa. Iyi ndi ina. Kawiri pa tsiku madzi amathawa n'kupita kutali, kusiya matope, nkhanu ndi ngalawa zitagona chammbali pa mchenga ngati ng'ombe zodwala. Pakapita maola asanu ndi limodzi amabwerera okha mwakachetechete. Chimawakoka ndi mwezi, ndipo mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangooneka kumene, madziwo amathawa kwambiri n'kubweranso kwambiri. Msodzi wa kuno sayang'ana wotchi, amayang'ana madzi. Nanunso mukafuna kusamba muyambe mwafunsa eni mudzi nthawi yake, chifukwa safunsa adadya phula. Mukapita kutali madzi atathawa, pobwerera akupezani pakati.

Madzi ake ndi amchere zedi, sopo sachita thovu, ndipo mukatuluka thupi limayabwa mpaka mutadzitsira madzi a pachitsime. Ubwino wake ndi wakuti likodzo mulibemo, poti tinkhono timene timafalitsa matendawa sitikhala m'madzi amchere. Koma valani nsapato zapulasitiki, pansi pali miyala yakuthwa ndi tizilombo taminga.

Mudzi weniweniwo ndi wa asodzi ndi alimi. Nyumba zili pansi pa mitengo ya kokonati ndi mango, mbuzi zikuyendayenda, amayi atafunda nsalu kumutu akukazinga mandazi pakhonde. Anthu ambiri ndi Asilamu, ndipo mbandakucha chimakudzutsa ndi kuitana kwa kumzikiti. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndiye masiku ochepa amene mulipowo lemekezani eni ake. Kabudula wamfupi ndi zovala zosambira n'zakumadzi, osati zoyenda nazo pakati pa mudzi. Mukafikako m'mwezi wa Ramadan musamatafune poyera masana anzanu akusala.

Chiswahili chisakuopseni. Nyumba ndi nyumba, mbuzi ndi mbuzi, nyama ndi nyama, madzi amati maji. Inu a pamsika mawu anu ndi awiri okha: "bei gani" pofunsa mtengo, ndi "punguza" pouza wogulitsa kuti atsitseko. Koma pali misampha. Wina akakufunsani ngati mudya kamba musathawe, sakunena kamba wa chigoba wa kwathu uja, akunena tinsomba ta m'nyanja tokhala ngati dzombe lalikulu, tokoma kwabasi ndi mpunga wophikira madzi ofinya a kokonati. Msampha wina ndi nthawi. Aswahili amayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka, choncho "saa moja" ya mmawa ndi 7 koloko, "saa sita" ndi 12 koloko masana. Onjezani apo kuti nthawi ya ku Tanzania ili patsogolo pa yathu ndi ola limodzi. Wosadziwa izi basi imamusiya ali kumwa tiyi.

Tsono chimene chimakokera alendo ku Kaole ndi mabwinja ali kumapeto kwa mudzi. Pali zipupa za mizikiti iwiri ndi manda pafupifupi 30, zonse zomangidwa ndi miyala ya m'nyanja ndi laimu. Mzikiti wakale kwambiri akuti ndi wa zaka za m'ma 1200, ndiye kuti ndi umodzi mwa mizikiti yakale zedi kumtunda kwa gombe lonse la kummawa kwa Africa. Manda ena ali ndi zipilala zazitali, kusonyeza kuti ogonamo adali anthu olemera ndi omveka. Pambali pa mzikiti pali chitsime chimene anthu amatungabe, ndipo ena amasambako kumaso pofuna madalitso. Chapafupi pali mlambe waukulu woti anthu asanu sangaukumbatire.

Anthu amenewa adali a geni ngati inu nomwe. Zombo zamatanga zinkabwera ndi mphepo ya kaskazi, imene imaomba kuchokera kumpoto kuyambira cha mu Disembala, zitanyamula nsalu, mikanda ndi mbale zadothi zochokera kutali ngati ku Persia ndi ku China. Zinkadikira mphepo ya kusi, yofanana ndi mwera wathu, kuti zibwerere ndi minyanga ndi katundu wina wa kumtunda. Zidutswa za mbalezo azisunga m'kanyumba koonetsera zakale pomwepo.

Nanga msika wonsewo udapita kuti? Tsikani kuseri kwa mabwinja kumene kudali dooko mukaone. Kuli matope ndi nkhalango ya mitengo yomera m'madzi amchere, imene Aswahili amati mikoko. Dooko lidakwiririka, zombo zidasowa poima, ndipo amalonda adasamukira pa Bagamoyo. Kaole adatsala ndi manda ndi asodzi.

Bagamoyo naye adadya bwino nthawi yake. M'zaka za m'ma 1800 apa ndi pamene pankathera njira yaikulu ya amtengatenga yochokera ku Ujiji, m'mbali mwa nyanja ya Tanganyika, kudzera ku Tabora. Ankabwera ndi minyanga ya njovu, ndipo ena mwa katunduyo adali anthu. Akapolo ankawakweza m'zombo kupita ku msika wa ku Zanzibar, umene udatsekedwa m'chaka cha 1873. Dzina la tawuniyi amati lidachokera ku mawu akuti bwaga moyo, kutanthauza kutula mtima pansi, poti moyo pa Chiswahili ndi mtima. Ena amati ndi mawu a wamtengatenga amene wafika n'kupuma, ena amati ndi a kapolo amene wataya chiyembekezo. Makolo athu amene ankagwidwa n'kuwolotsedwa nyanja pa Nkhotakota m'nthawi ya a Jumbe, ambiri ankawatengera ku Kilwa, kummwera kwa Dar, osati kuno. Koma nyanja yake ndi yomweyi, ndipo msika wake udali womwewo. Munthu amene ntchito yake ndi kufunsa mtengo tsiku ndi tsiku akaima pa gombe limeneli amakhala kaye chete.

Pali nkhani ina yotikhudza. Kumpoto kwa tawuni kuli mishoni ya Katolika imene ansembe a Holy Ghost adaitsegula m'chaka cha 1868, ndipo ankawombola akapolo n'kuwapatsa malo okhala. David Livingstone atamwalira kwa Chitambo, m'dziko limene lero ndi Zambia, mu Meyi 1873, anyamata ake adakwirira mtima wake pansi pa mtengo, n'kuumitsa thupi ndi mchere ndi dzuwa. Adalinyamula miyezi isanu ndi inayi, mtunda woposa makilomita 1,500, mpaka kufika nalo pa mishoni imeneyi mu Febuluwale 1874. Atsogoleri a ulendowo adali Susi ndi Chuma. Chumayu adali Myao, ndipo ali mwana adali m'gulu la akapolo amene Livingstone ndi Bishopu Mackenzie adawamasula m'dziko lathu lino m'chaka cha 1861. Nsanja ya tchalitchi chimene mudagona malirowo ilipobe, ndipo aliyense amaitchula ndi dzina la Livingstone. A Chuma amene adatuluka matuza m'mapazi mumachita kuwafunafuna m'zolembedwa za m'nyumba yoonetsera zakale.

Ajeremani atalanda dzikolo adayamba aika likulu lawo pa Bagamoyo. Koma gombe la pano ndi losaya, sitima zikuluzikulu zamoto zinkaima kutali. M'chaka cha 1891 adasamutsira likulu ku Dar es Salaam, kumene kuli dooko lakuya, ndipo mu 1905 adayamba kumanga njanji kuchokera komweko, imene idafika ku Kigoma mu 1914. Njanji itafika, ndani akadalembanso amtengatenga? Chimene Bagamoyo adachita kwa Kaole, Dar adachita kwa Bagamoyo. Lero mukayenda m'tawuni yakaleyo mumaona zitseko zosemedwa mwaluso pa nyumba zimene denga lidagwa kalekale, ndi boma la Ajeremani litangoti zii kuyang'ana kunyanja.

Inu amene mudachotsedwa m'misewu ya Blantyre ndi Lilongwe m'chaka cha 2006 n'kukuuzani kuti mukalowe m'misika yomangidwa, nkhani imeneyi simufuna womasulira. Mukudziwa kuti benchi imene dzulo inkagulitsa mpaka kusowa chenje, lero ingathe kukhala yogonapo agalu chifukwa choti depoti ya minibasi yasamuka. Kusiyana kwake n'kwakuti ku Kaole mumaziona zitachitikira mudzi wathunthu, zaka mazanamazana zapitazo.

Komabe musaganize kuti ndi malo a maliro okhaokha. Pitani pa msika wa nsomba wa pa gombe la Bagamoyo ngalawa zikamakocheza. Nsomba amazigulitsa mokuwa, wotchula mtengo wokwera ndiye watenga, ndipo amayi opikula amakanganirana ndowa za dagaa, amene ndi usipa wa kumeneko, ndendende ngati pa dooko la ku Msaka kapena ku Makawa. Pambali pake ena akukazinga nsombazo m'mapoto akuluakulu, ukagula umadyera pomwepo ndi chinangwa ndi tsabola. Chapatali amisiri akukhoma zombo zamatabwa ndi manja, kutseka mipata ndi thonje. Madzulo mungathe kumva ng'oma kuchokera ku sukulu ya zaluso ya TaSUBa, kumene achinyamata amaphunzira magule ndi zisudzo.

Za ndalama ndinene mosabisa. Mahotela a m'mbali mwa nyanja ndi a azungu ndi mabwana a ku Dar, mukalowako mpamba utha. Koma m'kati mwa tawuni muli nyumba zogona alendo zofanana ndi maresitihausi athu, ndipo chakudya cha kwa amayi ophika m'mbali mwa msewu, amene amati mama ntilie, n'chotsika mtengo. Nzeru yake ndi iyi: yambani mwapikula katundu, mumusungitse kwa womutumiza amene mumamukhulupirira, risiti m'thumba, kenaka mupite kunyanja ndi ndalama ya tchuthi yokha imene mudaipatula muli kunyumba. Ndalama ya geni ikapita kunyanja sibwerako. Onani kuti pogona pali neti, udzudzu wa kugombe suchita manyazi ndi mlendo. Majumbo apulasitiki asiyeni, adaletsedwa ku Tanzania kuyambira mu Juni 2019. Ndipo pewani miyezi ya Malichi mpaka Meyi, imene ndi ya mvula yambiri. Kuyambira Juni mpaka Seputembala kunja kumakhala kozizirira bwino.

Ngati mukufuna kumuona Kaole ali chete chonchi, musazengereze kwambiri. M'chaka cha 2013 boma la Tanzania lidagwirizana ndi a ku China zomanga dooko lalikulu pa Mbegani, pang'ono chabe kummwera kwa mudziwu. Pulezidenti John Magufuli adaimitsa ntchitoyo mu 2019 ponena kuti mfundo za mgwirizanowo zidali zopweteka dziko lake, koma a Samia Suluhu Hassan atalowa m'chaka cha 2021 nkhani yake idadzukanso. Likadzamangidwa, makontena amene mumawadikira ku Dar mwina azidzatsikira kuseri kwa manda a Kaole, ndipo asodzi amene lero akuyanika maukonde pamenepo ndi amene adzauzidwe kuti asamuke.