Ulendo wa ku Madurai: Amalume ndi Kuwala Kochotsa Ng'ala

Amalume athu asoka zovala pakhonde la sitolo ina ku Mangochi kwa zaka zoposa 40, ndipo makina awo opalasa ndi mapazi ndiwo anatilipirira sukulu ife ana a mlongo wawo. M'chaka cha 2021 anayamba kuitana mwana aliyense wodutsa kuti awalowetsere ulusi m'singano. Pasanathe nthawi diso lawo lakumanja linayera ngati la chambo chogonera padoko. Inali ng'ala. Kuchipatala anawauza kuti opaleshoni ndi yotheka, koma iwo anakana kwamtuwagalu. "Aphwanga, diso si nsalu yoti munthu n'kudula n'kusokanso," anatero.

Tsono munthu wina wodzasoketsa mkanjo anawanong'oneza kuti ku India ng'ala amachotsa ndi kuwala kotchedwa laser, popanda mpeni. (Awerengi musasokoneze dzinali ndi Leza wa utawaleza uja, ngakhale amalume amatchula chimodzimodzi mpaka lero.) Mwamwayi mng'ono wathu wotsiriza anali kumaliza maphunziro ake m'chaka cha 2023 mumzinda wa Madurai, kumwera kwa India. Tinasonkherana ndalama kuti amalume akaone mwana amene anamuphunzitsa akulandira pepala lake, ndiponso kuti akapeze kuwala kwawoko. Mumtima tinali titatsimikiza kuti chokwera mtengo koposa ndicho tiwagulire.

Tinakwera ndege kudzera ku Addis Ababa mpaka ku Chennai, ndipo kuchokera kumeneko sitima ya pamtunda inatitengera maola pafupifupi 8 kukafika ku Madurai, pakati pa minda ya mpunga ndi ya kokonati. Kutentha kwake ndi kwa ku Mangochi mu Okutobala, koma kopanda kamphepo ka kunyanja. Mtsinje wa Vaigai, umene umadutsa pakati pa mzindawu, tinaupeza uli mchenga wokhawokha ndi timadzi tapatalipatali. Chimene mlendo amayamba kuona ndi nsanja za kachisi wa Ahindu wotchedwa Meenakshi, zodzaza ndi ziboliboli zopakidwa utoto wamitundumitundu, ndipo yaitali kwambiri imaposa mamita 50. Amalume sanazione. Iwo Madurai anamudziwa ndi mphuno ndi makutu: fungo la maluwa oyera otchedwa malli amene amayi amamanga m'tsitsi, mahutala a tinjinga tamoto tamiyendo itatu, ndi phokoso limene analizindikira msanga, la makina osokera m'timashopu tapafupi ndi kachisi. Anaima n'kumvetsera, nati wina mwa atelalawo sanathire mafuta m'makina ake.

Kwa odwala maso, Madurai amadziwika chifukwa cha chipatala cha Aravind. Anachiyambitsa m'chaka cha 1976 ndi Dr. Govindappa Venkataswamy, atapuma pantchito ya boma ali ndi zaka 58, ndipo chinayamba ndi mabedi 11 okha. Zala zake zinali zopindika ndi nyamakazi, komabe anaziphunzitsa kugwira zida za opaleshoni ya maso. Anakonza ntchito mwakuti dokotala amakhala pakati pa matebulo awiri: akamamaliza wodwala mmodzi, anamwino amakhala atakonza kale winayo. Olipira amathandiza kulipirira osauka. M'chaka cha 1992 anatsegula fakitale ya Aurolab yopanga timagalasi tapulasitiki toika m'diso. Kagalasi kamodzi kochokera kunja kankagulidwa madola 100 kapena kuposerapo, koma ka ku Madurai kanatsika mpaka madola osakwana 10, ndipo timagalasiti timatumizidwa kumaiko ambiri, kuphatikizapo a muno mu Africa. Mkuluyu anamwalira m'chaka cha 2006, laser yodula ng'ala isanayesedwe pa munthu.

Chifukwa cha mbiri imeneyi mzindawu uli ndi zipatala za maso zochuluka. Mng'ono wathu anatitengera ku china chimene anamva kuti chili ndi makina amene tinadzera. Adokotala amene anatilandira anali mayi wachikulire wolankhula mofatsa. Atawayeza amalume anatembenuza kompyuta yawo kuti tonse tione, nayamba kufotokoza, mng'ono wathu akumasulira.

Ng'ala, anatero, si kansalu kophimba diso kunja monga ambirife timaganizira. Kuseri kwa mwana wa diso kuli kagalasi kachilengedwe, kakang'ono ngati mbewu ya nandolo yophwatalala, kamene kamakhala m'kathumba kopyapyala koposa khungu la anyezi. Munthu akamakalamba kagalasiko kamachita chifunga, ndipo palibe mankhwala odontheza amene angakayeretsenso. Njira ndi imodzi: kutsegula diso pang'ono, kung'amba kabowo kozungulira pa kathumba kaja, kutulutsa kagalasi kowonongeka ndi kuikamo kapulasitiki. Woyamba kuika kagalasi kotere anali Harold Ridley ku London m'chaka cha 1949, ataona kuti tizidutswa ta pulasitiki ya mawindo a ndege timene tinalowa m'maso mwa oyendetsa ndege zankhondo sitinkatupitsa maso awo. M'chaka cha 1967 Charles Kelman wa ku New York anabweretsa kachitsulo konjenjemera kamene kamaphwanya ng'ala ndi kuiyamwa kudzera pa kabala ka mamilimita awiri kapena atatu.

Nanga laser? Adokotala anationetsa kanema. Wodwala amagona chagada, ndipo makina amatsika n'kumatirira padiso ndi kamphete koyamwa kuti lisagwedezeke. Makinawo amajambula mkati mwa diso, adokotala n'kulemba pakompyuta pamene akufuna kuti padulidwe. Kenaka kuwala kumathwanima kambirimbiri, kuthwanima kulikonse kuli kwakufupi kotero kuti amakuyeza ndi muyeso wotchedwa femtosecond: mutagawa sekondi imodzi m'magawo biliyoni, n'kugawanso gawo limodzi m'magawo miliyoni, mwaupeza. Paliponse pamene kuwalako kwalunjika pamabadwa kathovu kakang'ono, ndipo timathovu tondondozana timeneti ndito timalekanitsa mnofu, monga timabowo ta m'mphepete mwa sitampa. M'kanthawi kochepa laser inadula khomo lolowera, inazunguliza kabowo ka mamilimita pafupifupi 5 pa kathumba, n'kugawa ng'ala m'zidutswa. Kabowoko kanali kozungulira bwino ngati ndalama yachitsulo. Tinachita kukamwa yasa. Woyamba kuchita zimenezi pa munthu anali Prof. Zoltán Nagy wa ku Semmelweis University mumzinda wa Budapest, ku Hungary, m'chaka cha 2008.

Koma kanema sanathere pamenepo. Wodwala uja anamusunthira pansi pa maikulosikopu, ndipo tinaona zida zachitsulo zikulowa m'diso: kachitsulo ka Kelman kaja kuyamwa zidutswa, ndi manja a dokotala kulowetsa kagalasi katsopano. Amalume kanemayo sankamuona, choncho tinkawafotokozera. Anakhala chete kwa kanthawi, kenaka anafunsa kuti, "Afunseni adokotalawo. Ndiye kuti Lezayo ndi sizasi chabe? Amadula, koma wosoka ndi iwo omwe?" Adokotala anaseka kwambiri atamva kumasulira kwake, nati sanamvepo wodwala akuilongosola bwino chotero.

Apa m'pamene tinafunsa funso limene linatiyendetsa ulendo wonsewu: kodi amene wachitidwa ndi laser amaona bwino kuposa mnzake? Adokotala sanatibisire. M'chaka cha 2020 panatuluka zotsatira za kafukufuku wamkulu muwiri. Wina, wotchedwa FEMCAT, anachitika m'zipatala zisanu za ku France pa anthu pafupifupi 900. Wina, wotchedwa FACT, m'zipatala zitatu za ku England pa anthu oposa 700. Odwala ankagawidwa mwamaere, ena ku laser, ena ku manja. Konsekonse anapeza kuti magulu awiriwo ankaona mofanana, ndipo zovuta sizinasiyane kwenikweni. Chimene chinasiyana ndi mtengo. Makinawo amagulidwa ndi madola zikwi mazanamazana, kamphete kaja kamagwira ntchito kamodzi n'kutayidwa, ndipo kusuntha wodwala kumadya nthawi. N'chifukwa chake zipatala zambiri, ngakhale za kumaiko olemera, sizinaithamangire. Anawonjeza kuti pali maso ena amene kudula kolondola kotereku kumathandiza, monga pamene kathumba kali kolendewera chifukwa timitsempha tokagwira n'tofooka, ndipo pamenepo iwo amaigwiritsa ntchito mokondwa.

Diso la amalume silinali lotero. Ng'ala yawo inali itakhwima ndi kuyera, chifukwa cha zaka ziwiri zija zozengereza, ndipo kuwala sikulowa bwino m'ng'ala yoyera kuti kukaigawe. Adokotala analangiza njira ya manja yokhayokha: kabala ka mamilimita 6 kapena 7 m'mbali yoyera ya diso, kodulidwa mopendekera kotero kuti kamadzitsekera kokha popanda ulusi, ndipo ng'ala imatuluka yathunthu. Ndi njira yomweyi imene imagwiritsidwa ntchito kwambiri kwathu kuno, ku zipatala monga Lions Sight First ku Blantyre ndi ku Nkhoma. Tivomere kuti tinachita manyazi pang'ono. Tinali titawoloka nyanja yamchere kukapeza chimene tinachisiya pakhomo.

Mmodzi wa ife anaumirirabe kuti ndalama tabwera nazo, alipire laser ngakhale pa kabowo kokha. Amalume anafunsa kusiyana kwa mtengo, ndipo atamva anawerengera kuti ndalamazo zikanagula makina osokera atsopano n'kutsalako chenje. Anatigwira dzanja nati, "Aphwanga, ine chimene ndimaopa ndi mpeni. Ngati chitsulo chilowa ndithu uku ndi uku, bola ndigone m'manja mwa mayi amene wandiuza zoona." Panalibenso wotsutsa.

Tisanatuluke tinafunsa kumene kunachokera mbiri ya kuwala kopanda mpeni. Adokotala anati mwina ndi laser ina, yotchedwa YAG. Pakapita miyezi kapena zaka chichitikireni opaleshoni, kumbuyo kwa kathumba kaja kumatha kuchita chifunga, munthu n'kumaganiza kuti ng'ala yabwerera. Pamenepo amamukhazika pampando, n'kuboola chifungacho ndi kuwala m'mphindi zochepa, osadula paliponse. Amene anathandizidwa chotero akamanena kuti anachira popanda mpeni sakunama, kungoti opaleshoni yeniyeni inali itachitika kale.

Amalume analowa m'mawa wa Lachiwiri. Anawabaya jekeseni yochititsa dzanzi m'mbali mwa diso, ndipo sanagonekedwe tulo. Ife panja tinali tisanamalize n'komwe kapu ya tiyi pamene namwino anatulukira nawo, diso lili lomata. Anadandaula chinthu chimodzi chokha, kuti m'chipindamo munali kuzizira. M'mawa mwake atachotsa bandeji, anayang'ana uku ndi uku, nayang'anitsitsa mng'ono wathu amene anali asanamuone bwino kwa zaka zitatu, n'kumufunsa kuti ndevuzo anamuloleza ndani.

Anawapatsa mankhwala odontheza a milungu ingapo, ndi malamulo akuti asatikite diso, asalowetsemo madzi ndi fumbi, ndiponso kuti akayezetse magalasi owerengera diso likapola, pakuti singano idzafuna magalasi. Diso lakumanzere, limene ng'ala yake idakali yanthete, anati akalichititse kumudzi lisanayere. Amalume eni ake ndiwo anafunsa za basi ya ku Blantyre.

Tsiku lomaliza, mwambo wa mng'ono wathu utatha, tinabwerera ku timashopu tija tapafupi ndi kachisi. Amalume atavala magalasi akuda anakweza mutu kuona nsanja, nati utoto wachuluka. Kenaka analowa mwa telala uja wa makina osathira mafuta, anatenga shati imene inapachikidwa pakhomo, n'kuitembenuza kuti aone msoko wa mkati. Anauyendetsa chala kuchokera kukhwapa mpaka kumusi, anagwedeza mutu, ndipo anatiuza kuti timufunse mnyamatayo ngati ali ndi ulusi wa mtundu womwewo wogulitsa.