Mawu a Amayi Tsopano Amafika Okha

Kwathu ku Chadiza, kalata sinkakhala ya anthu awiri. Achimwene anga atapita ku Kitwe kukagwira ntchito kumigodi m'zaka za m'ma 1980, ine ndinasanduka dzanja la amayi. Iwo ankanena, ine n'kumalemba papepala long'amba m'kope la kusukulu. Kalatayo tinkakaiponya kupositi pa boma, kapena kupatsira munthu wokwera basi ya ku Chipata, ndipo yankho linkafika mwezi utatha, n'kufunanso wowerenga. Uthenga wamaliro wokha ndiwo unkathamanga, patelegalamu kapena pawailesi.

Amayi ankameza mawu ambiri. Munthu wamkulu sangauze kamwana ka giredi 5 kuti kalembe za ngongole, za matenda obisika, kapena za mkangano wa malire a munda. Zonsezo zinkathera m'mawu amodzi: kuno tili bwino.

Mafoni atafika, masiku a Celtel imene inadzakhala Zain kenako Airtel mu 2010, tinkati vuto latha. Anthu ankakwera pachulu kufuna netiweki, n'kupeja mwana wa ku Lusaka kuti ayimbe ndiye. Koma wotsindika manambala anali mdzukulu, ndipo ankaima pomwepo kudikira foni yake. Mkhalapakati anangosintha dzina.

N'chifukwa chake nditawagulira amayi foni yokhala ndi WhatsApp ndinatsimikiza mtima kuti aziigwira okha. Sinali ntchito yopepuka. Zala zimene zagwira khasu moyo wonse zimadina mwamphamvu, pomwe galasi la foni limafuna kungolikhudza. Malemba onse ndi a Chingelezi. Choposa zonse chinali mantha. "Ndiononga, iwe, tenga chinthu chakochi," ankatero akangoona chithunzi chasowa. Ndinkayankha kuti, "Amayi, dinani inuyo, sichisweka," manja anga ndili nawo kumbuyo. Pa dzina la mwana aliyense ndinaikapo nkhope yake. Kenako ndinawaonetsa chinthu chimodzi chokha: gwirani apa, lankhulani, mukamaliza chotsani chala. Uthenga wa mawu ndiwo unawatsegulira njira, chifukwa sufuna sukulu. Amalonjera monga mwa mwambo, amafunsa za aliyense m'nyumba, amafotokoza za mvula ndi mtedza, ndipo zimene safuna kuti ena amve amakazinenera kuseri kwa nkhokwe.

Atate anali ena. Iwo amawerenga, ndipo chimene ankafuna ndi ndalama za pafoni ndi mauthenga a feteleza wa boma wa FISP. Pamenepa mpamene ndinachedwa kwambiri, chifukwa akuba nawonso anaphunzira. Amatumiza uthenga wakuti ndalama ija itumizidwe pa nambala iyi, kapena amaimba ngati antchito a kampani n'kupempha nambala yachinsinsi. Nkhalamba zathu zinaleredwa kuti mlendo wolankhula mwaulemu sakanizidwa. Kuphunzitsa atate kudula foni munthu ali pakati polankhula kunali kovuta kuposa kuwaphunzitsa batani lililonse.

Pali chimene chimandiwawa. Boma linaika maphunziro a kompyuta m'masukulu kuyambira 2014, ndipo ana a giredi 9 anayamba kulemba mayeso ake chaka chotsatira. Zinali zoyenera. Koma makolo awo, amene tsopano amalandira thandizo ndi malipiro a mbewu kudzera pafoni, palibe anawakonzera kalasi. Mphunzitsi wawo ndi mdzukulu, ndipo mdzukulu alibe chipiriro: amalanda foni, amadina msangamsanga, n'kubweza. Ntchito yachitika, koma agogo atsala pomwe anali, ndipo chinsinsi chawo chili m'manja mwa mwana. Mwana wotero ndimamuuza kuti akhale pansi, aloze ndi pakamwa, asakhudze.

Chilala cha 2024 chitachepetsa madzi ku Kariba, magetsi ankazima nthawi yaitali ngakhale m'matauni. Ife a ku Lusaka ndife tinkasowa pafoni. Amayi, ndi kasola kawo kapadenga, ndiwo ankatifunafuna, kutiuza mmene chimanga chapserera ndi kufunsa ngati ana adya.

Masiku ano amayi amapita ndi foni ku Chigwirizano cha amayi a kutchalitchi. Akaweruka amakhala ndi anzawo pakhonde la tchalitchi n'kumawaonetsa pogwira ndi polankhulira, m'mawu awoawo amene ine sindikanawapeza. Amayi ena a m'mudzi wapafupi aphunzira kale kutumiza mawu kwa mwana wawo wa ku Tete.