Ku Ulongwe ana aphunzira kulankhula pa wailesi

Mlendo wochokera ku Dedza akaoloka pa chipata cha Calomue n'kulowa m'boma la Angonia, amayamba wakayika ngati walowadi m'dziko lina. Minda ndi yomweyo ya chimanga, nyemba, fodya ndi mbatata ya kachewere. Ng'ombe zikukoka ngolo m'mbali mwa mseu monga zichitira ku Bembeke kapena ku Lizulu, ndipo mphepo ya mwezi wa June imaluma makutu chimodzimodzi. Chimene chimamuuza kuti wafika ku Mozambique ndi zikwangwani zolembedwa m'Chipwitikizi ndiponso ndalama ya metikali imene kondakitala akuitanitsa m'chapa. Koma mayi amene wakhala naye pampando akamupatsa moni, moniwo ndi wa Chichewa, chimene kuno ambiri amachitcha Chinyanja.

Dziko limeneli ndi lokwera, lili pamtunda wa mamita oposa 1,000, ndipo phiri la Domwe limene limaoneka patali limapitirira mamita 2,000. Dzina lakuti Angonia lidachokera kwa Angoni a Maseko amene adakhazikika m'munsi mwa phirili, kumene Inkosi Chikuse idalamulira. M'chaka cha 1891 Angerezi ndi Apwitikizi adagwirizana za malire, ndipo mzere umene adalemba udadula mtundu umodzi pakati, ena kukhala a ku Ntcheu ndi Dedza, ena a ku Angonia. Likulu la bomali ndi tauni ya Ulongwe, imene m'nthawi ya atsamunda inkatchedwa Vila Coutinho. M'tauni imeneyi muli msika, sukulu za sekondale, sukulu yophunzitsa aphunzitsi ndi nthambi ya zaulimi ya yunivesite ya UniZambeze. Mulinso nyumba ya mphepo ya anthu a m'bomali, imene imayendetsedwa ndi bungwe la boma la Instituto de Comunicação Social, kapena kuti ICS.

Kuti munthu amvetse kufunika kwa nyumba imeneyi ayenera kukumbuka kuti kwa zaka zambiri wailesi ya kuno inkalankhula kuchokera kutali. Ena ankatsegula MBC ya ku Blantyre chifukwa inkalankhula chinenero chao, ngakhale kuti mitengo ya feteleza ndi mauthenga a maliro amene inkalengeza anali a dziko lina. Ena ankasaka Rádio Moçambique yochokera ku Tete. M'zaka za nkhondo, pamene anthu a ku Mozambique pafupifupi 1 miliyoni adathawira ku Malawi, ambiri a ku Angonia adakakhala ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo kumeneko ndi kumene adamvera pa wailesi kuti pangano la mtendere lasainidwa ku Rome pa 4 October 1992. Atabwerera kwao adapeza sukulu zogumuka ndi minda yomera tchire, ndipo ng'ombe ikasochera ku Lifidzi panalibe wailesi yolengeza.

Malamulo atsopano a dziko a 1990 ndi lamulo la zofalitsa nkhani la 1991 ndiwo adatsegula khomo lakuti m'maboma mukhale nyumba za mphepo zazing'ono. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, Rádio Moçambique mothandizidwa ndi UNICEF idayamba mapologalamu amene ana amakonzera ana anzao, ndipo ntchitoyi idafalikira ku mawailesi a ICS ndi a bungwe la FORCOM, limene lidakhazikitsidwa mu 2004 kuti liziimira mawailesi a m'madera. Maganizo ake ndi akuti mwana asangoitanidwa kudzaimba nyimbo imodzi n'kumapita, koma asankhe yekha mutu, akafunse yekha mafunso, ndipo akhale yekha patsogolo pa maikolofoni, wamkulu akungoyang'anira chapatali.

Mwana wa sukulu akalowa koyamba m'chipinda choulutsira mau, chimene chimamuopsa ndi bata. Chitseko chikatsekedwa, phokoso la njinga zamoto ndi la ogulitsa mandasi limatheratu, ndipo akavala zomvera za m'makutu amamva kupuma kwake komwe. Phunziro loyamba ndi la thupi. Pakamwa pakhale motalikirana ndi maikolofoni ngati chikhato chimodzi, ndipo alankhule chammbali pang'ono kuti mau monga "phala" ndi "mphepo" asaphulike m'makutu mwa omvera. Asagwedeze pepala, asagogode tebulo ndi cholembera, ndipo getsi lofiira likayaka adziwe kuti ngakhale kunong'ona kwake kwafika kale ku Domwe. Zimenezi mwana wochangamuka amazigwira m'masiku owerengeka.

Phunziro lachiwiri ndi la kulembera khutu. Kusukulu mwanayu adazolowera kulemba chimangirizo chakuti aphunzitsi achonge, cha ziganizo zazitali ndi mau akuluakulu. Pa wailesi womvera sangabwerere m'mbuyo kuti awerengenso. Mayi amene akumvera akupeta chimanga, bambo akusoka fodya, ndiye chiganizo chilichonse chinyamule mfundo imodzi, ndipo tsiku ndi malo a msonkhano zinenedwe kawiri. Pepalalo limawerengedwa mokweza kangapo nthawi isanakwane, wina atagwira wotchi, chifukwa pologalamu ya mphindi 30 siingakhale ya mphindi 35. Gulu limagawana ntchito: wina wotsegula ndi kupereka moni, wina wofunsa mafunso, wina wosankha nyimbo, wina wokhala pa kompyuta kudula mau amene adajambulidwa, kuchotsa kutsokomola ndi kubwerezabwereza koma osasintha tanthauzo la zimene munthu adanena.

Apa ndi pamene vuto la ku Angonia kwenikweni limaonekera. Ana ambiri amalankhula Chichewa kunyumba koma adaphunzira kuwerenga ndi kulemba m'Chipwitikizi. M'Chipwitikizi zilembo za "ch" zimamveka ngati "sh", choncho mwana woyankhula bwinobwino akaona pa pepala mau akuti "chimanga" lilime limatha kumupusitsa. Kachizindikiro ka m'mau akuti "ng'ombe" sikapezeka kawirikawiri m'buku la Chipwitikizi. Kuonjezera apo, kalembedwe ka ku Mozambique kamalemba "Cinyanja" popanda "h", pamene mabuku ndi nyuzi zochokera ku Malawi zimalemba ndi "h". Boma lidayesa kuphunzitsa ana m'Chinyanja pamodzi ndi Chipwitikizi m'sukulu zingapo za m'chigawo cha Tete kuyambira 1993 mpaka 1997, ndipo pambuyo pake maphunziro a zinenero ziwiri adaloledwa m'dziko lonse, koma si mwana aliyense amene adadutsa m'kalasi lotere. Kwa ana ena, pepala la pologalamu ndi loyamba limene alembapo chinenero cha amai ao.

Manambala ndi nthawi nazo zili ndi msampha wake. Mnyamata wa m'tauni amatchula maola m'Chipwitikizi osaganiza n'komwe, ndipo anzake amamumva. Agogo a kumudzi amene sadapite kusukulu, kapena amene adaphunzira ku Malawi m'zaka zothawa nkhondo, amatsala m'malere. Muulutsi wabwino amaphunzira kunena nthawiyo kawiri, kamodzi monga ili pa wotchi ndipo kenaka monga anthu aidziwira, kuti ndi m'mawa dzuwa litangotuluka kapena madzulo ng'ombe zikulowa m'khola. Mau a zachipatala ndi a zamalamulo amene amabwera m'Chipwitikizi kuchokera ku maofesi amafunika kuwakhalira pansi, kufunsa anamwino ndi akuluakulu, mpaka atapezeka mau amene mayi wa kumudzi angamve popanda womasulira.

Koma phunziro lovuta kuposa onse lili kunja kwa chipinda chija. Mwana wa Chingoni amaleredwa kuti pamaso pa akulu agwade, ayang'ane pansi ndipo ayankhe zokhazo zimene wafunsidwa. Tsono wailesi ikumutuma kuti atenge chojambulira mau kapena foni, apite kwa a mfumu, kwa a hedimasitala kapena kwa mlangizi wa zaulimi, iye ndiye akafunse. Ana ena amaganiza kuti utolankhani ndi kutaya ulemu, ndipo amabwerako chimanjamanja. Ena ulemu umawachulukira kotero kuti wamkuluyo amalankhula mphindi 20 osayankha funso. Njira imene amaphunzitsidwa ndi yapakati. Afike, aodire, apereke moni wonse osadumpha, anene kuti ndi mwana wa yani ndipo watumidwa ndi wailesi iti, apemphe chilolezo asanayatse makina. Akatero afunse funso lalifupi, limodzi pa nthawi, lakuti yankho lake lisakhale inde kapena ayi, ndipo amvetsere yankholo m'malo mothamangira funso lotsatira pa pepala. Akuluakulu adati mau okoma adatulutsa njovu m'munda. Mtsikana amene wagwada n'kunena kuti "Zikomo a mfumu, tithandizeni kumvetsa" angathe kufunsa funso limene mnyamata wodzitukumula sangayankhidwe.

Mafunsowo si a masewera. M'dera la ulimi ngati lino, nyengo yokolola ndi kusankha fodya ikafika mabenchi a m'kalasi amayamba kuchepa anthu, anyamata ena amatsalira kubusa, ndipo atsikana ena amalowa m'banja asanamalize pulaimale. Mu 2019 dziko la Mozambique lidakhazikitsa lamulo loletsa ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, ndipo ku Malawi malamulo aakulu a dziko adasinthidwa mu 2017 kuti anene chimodzimodzi, choncho kuolotsa mwana malire sikuthandiza wolakwayo. Lamulo lolembedwa ku Maputo m'Chipwitikizi limatenga nthawi kuti lifike pa bwalo la m'mudzi. Likamveka madzulo pa wailesi, m'Chichewa, kuchokera pakamwa pa mtsikana wa msinkhu womwewo, makolo amene akumvera amadziwa kuti ana ao alimvanso.

Pa chifukwa chomwechi ana amaphunzitsidwa kusamala. Mnzao amene wakumana ndi nkhanza satchulidwa dzina, mudzi kapena sukulu, chifukwa kuno anthu amadziwana ndipo mau a munthu amazindikirika msanga. Mphekesera ya pamsika siilowa pa mphepo isanafunsidwe kwa mwini nkhani. Ngati ana adandaula kuti denga la kalasi likudontha, a komiti ya sukulu nawo apatsidwe mpata woyankha. Mau olakwika akatuluka pa wailesi sabwezedwa, ndipo amene amakumana ndi mkwiyo wa anthu mawa lake pa chitsime ndi mai ake a mwanayo. N'chifukwa chake wamkulu woyang'anira amamvera zonse zimene zajambulidwa zisanaulutsidwe.

Sikuti zonse ndi zolemetsa. M'pologalamu ya ana mumakhala zilapi, nthano, sewero lalifupi, moni kwa anzao a m'sukulu zina, ndi nyimbo. Mwana amene watumidwa kukajambula agogo akufotokoza za ngoma ya Angoni, kapena mmene ankasungira mbeu ya nyemba m'phulusa, amabwerako ndi zinthu zimene sakadazimva akadangokhala pakhomo, chifukwa chojambulira mau chimamupatsa chifukwa chokhalira pansi ndi okalamba kwa ola lathunthu. Masiku monga 1 June, tsiku la ana, ndi 16 June, tsiku la mwana wa mu Africa, ndiwo amene ana amapatsidwa mpata waukulu pa mawailesi ambiri a m'dzikoli.

Pali chinthu chimodzi chimene mapiri a Angonia amakumbutsa aliyense. Mau a FM amayenda molunjika ngati kuwala, ndiye mudzi wa pamtunda umamva bwino ngakhale uli kutali, pamene mudzi wa m'chigwa kuseri kwa phiri umangomva kuphwephwetera mpaka wina atakweza waya pa nsungwi. Mphepo yomweyo siidziwa chipata cha Calomue, ndipo monga anthu a kuno amamvera mawailesi a ku Malawi, momwemonso abale a m'midzi ya tsidya lija angathe kugwira mau ochokera kuno. Koma kumva n'kosavuta kusiyana ndi kumveka. Mwana wa m'tauni ya Ulongwe amayenda wapansi kupita ku nyumba ya mphepo akaweruka kusukulu. Mwana wa ku Domwe kapena wa m'midzi ya m'malire afunika ndalama ya chapa, njinga, ndi chilolezo cha makolo amene akumufuna kumunda. Ngati sipakhala wowaganizira, pologalamu ya ana imasanduka ya ana a m'tauni okhaokha, pamene mavuto aakulu amene ikukamba ali kumudzi.

Masiku ano mpata ulipo umene kale kunalibe. Foni wamba imene mphunzitsi ali nayo m'thumba imajambula mau omveka bwino, bola ajambulire m'chipinda chopanda mphepo, ndipo mauwo angatumizidwe ku tauni popanda munthu kukwera galimoto. Sukulu ya kumudzi ingathe kukhala ndi kagulu kake ka ana asanu kapena asanu ndi mmodzi, kusankha mutu, kuyeserera pansi pa mtengo, ndi kupempha a ku wailesi kuti awaphunzitse ndi kuwapatsa mphindi zochepa. Chimene chimafunika ndi mphunzitsi mmodzi wodzipereka, mfumu yolola kufunsidwa ndi ana, ndi makolo amene angamasule mtsikana tsiku limodzi pa sabata monga amasulira mnyamata.

Dzuwa likamalowa kuseri kwa Domwe chisanu chimatsika msanga, ndipo anthu amasonkhana pa moto m'khitchini, wailesi itakolekedwa pa msomali kapena foni itaikidwa pa mtondo wovundikira. Nyimbo yotsegulira ikatha pamamveka mau a mwana akupereka moni kwa agogo, kwa makolo ndi kwa ana anzake a mbali zonse ziwiri za malire. Mwina apunthwa pa liu limodzi n'kubwereza. M'nyumba ina wina amakweza wailesi pang'ono, n'kufunsa kuti kodi ameneyu ndi mwana wa yani.