Chikhomo pakhonde panga

Sabata ino ndi yanga, ndiye mundipirire, chifukwa nkhani ndabwera nayoyi sinathe, komanso mwini wakene sindili woyera m'katimo.

Amene munapitako ku Kachulu njira mukuidziwa. Ukachoka m'tauni ya Zomba umalowera ku Matawale, kudutsa ku Air Wing, pa Govala, mpaka kukafika pa doko pamene maboti opita ku chilumba cha Chisi amakocheza. Ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 30. Kwathu, kapena ndinene kuti kwa akazi anga poti ine ndi mkamwini, umapatuka usanafike pa dokopo. Pali kamsewu kafumbi kamene kamachoka mu msewu wa Kachulu n'kukathera pa sukulu ya pulayimale. Kupitirira pamenepo ndi tinjira ta njinga tokhatokha, tokhotakhota pakati pa nyumba, mpaka kudambo kumene kuli minda ya mpunga ndi kadoko kathu.

Nthawi imene ndinkafunsira mbeta kumeneku, kuseri kwa sukulu kunali minda ya chimanga, mitengo ya mango ndi nyumba zaudzu zowerengeka. Lero mutafika mungayese ndi kachigawo ka Chinamwali kamene kanasochera. Malata ali waliwali, masola pamadenga, timashopu ta Mpamba ndi Airtel Money, chigayo cha mpunga. Aphunzitsi opuma ntchito anagula mapuloti, asodzi amene matemba anawayanja anamanga nyumba za lendi, ana a pamudzi amene ali ku Joni amatumiza ndalama za simenti. Palibe anakhalapo pansi kulemba kuti apa padzakhala nyumba, apo padzadutsa galimoto. Munthu amapita kwa anyakwawa kapena kwa mwini mbumba, amayenda limodzi kuloza chulu ichi ndi mtengo uwo, adzala khonje m'malire, basi puloti yatheka. Kalembera wa 2008 anatipeza tili 13 miliyoni m'dziko muno, wa 2018 anatipeza tili 17.5 miliyoni. Owonjezerekawo sanakamange m'mitambo ayi. Ena mwa iwo ndife a kuseri kwa sukulu ija.

M'mwezi wa Ogasiti chaka cha 2023 kunabwera galimoto yoyera. Munatsika azibambo atatu, wina atanyamula chipangizo choyezera cha miyendo itatu chija, wina mtolo wa zikhomo, wina chitini cha penti yofiira. Anati msewu wothera pa sukulu uja akufuna aupitirize mpaka kudambo, authire dothi lamiyala, auikire makalavati. Dzuwa lisanalowe zikhomo zinali ndandanda, ndipo nyumba 9 zinali ndi X wofiira pakhoma. Ine ndinali m'tauni tsikulo. Akazi anga anangonditumizira chithunzi pa WhatsApp, opanda liwu lililonse pansi pake: chikhomo chili chilili pakhonde pathu, pakati pa nsanamira ndi chitseko.

Musanayambe kundimvera chisoni, imvani kaye izi. Kalata yopempha msewu umenewu ndinalemba ndine. Ndine mlembi wa komiti ya chitukuko ya m'dera lathu, ndipo ndinailemba ndi mtima wonse, Chizungu chake chosankha. Zifukwa zinalipo. Mpunga wathu mavenda amaugula motchipa chifukwa lole siifika kudambo, ndiye amayamba achotsera ya ngolo ndi ya kabaza. Nsomba zaziwisi zimafika pamsewu zitayamba kale kufewa. Dothi lakwathu ndi makande, mvula ikagwa limakakamira ku matayala mpaka njinga umachita kuisenza iweyo. Chaka china mu Febuluwale mlamu wanga matenda a uchembere anamuyamba usiku. Ambulansi inafika pa sukulu n'kuima, poti msewu wathera pomwepo. Tinamunyamula pa machira, amayi anayi akutsatira ndi tochi za pafoni, ndipo mwana anabadwira panjira, pansi pa ambulera. Ali moyo, ali Sitandade 2 tsopano. Koma amene tinagwira machirawo sitifuna kuuzidwanso ndi munthu ubwino wa msewu.

Chachiwiri ndi chimene chimandichititsa manyazi. Pamene ndinkakumba maziko mu 2016, apongozi anga aakazi anatuma mawu. Paja kwathu kuno mkamwini ndi apongozi sayang'anizana m'maso, mawu amadzera mwa mwana wawo. Anati, "Uwauze bambo a anawo kuti pamene akulozapo ndi njira ya ngolo. Amfumu akale anapasiya dala, ankati padzadutsa msewu." Ine ndinaseka. Msewu wake uti? Nthawi imeneyo tonse a m'chigawo chino tinali titatopa ndi kudikira msewu wa Zomba-Jali-Phalombe-Chitakale, umene ntchito yake inayamba a Bingu wa Mutharika ali pampando koma inatenga zaka zoposa khumi. Ndinati ngati msewu wotchuka chotere, wokhala ndi ndalama zakunja, ukukwawa ngati nkhono, kathu aka kadzabwera ine nditamera imvi m'mphuno. Ndinasuntha chingwe mapazi angapo kulowa m'njira ya ngolo ija kuti khonde likule. Ndinkafuna pokhala madzulo n'kumaona phiri la ku Chisi. Ndipo ndakhalapodi zaka zonsezi, malo ake ndi okoma, sindikunamizani.

Malamulo a misewu m'dziko muno amaupatsa msewu malo ake. Msewu waukulu ngati M3 wodutsa mu Zomba uli ndi mamita 60, ndiye kuti 30 mbali iyi, 30 mbali iyo kuyambira pakati. Misewu yaing'ono malo ake amachepa, koma alipo. Ukamanga m'malo a msewu umene ulipo kale, tsiku lokugwetsa usayembekezere chipukuta misozi. Ife mwayi wathu unali woti njira ya ngolo ija sinalembedwe pena paliponse ngati msewu. Inali m'mitu mwa okalamba basi. Choncho anati atipatsa kangachepe, ndipo anabwera ena ndi mafomu kudzawerenga malata, zitseko, mitengo ya mango, ngakhale chimbudzi.

Pa mafomu pomwepo panabuka ina. Wolembayo anafunsa, "Mwini wake ndani pano?" Ine ndi akazi anga tinayang'anana. Njerwa ndinaumba ndine, malata ndinagula ndine, koma dothi ndi la mbumba ya akazi anga. Ndisanatsegule pakamwa, alamu anga aakulu, amalume a ana angawa, anayankha ali chiimire: "Malo ndi athu, achimwenewa anangomangapo." Sananame. Lamulo la malo a makolo la 2016 limalola kuti banja lilembetse malo ake n'kukhala ndi pepala, koma m'mzere wathu wonse wa nyumba 9 panalibe ndi mmodzi yemwe amene anali nalo. Analemba dzina la akazi anga, langa analiika m'munsi ndi pensulo. Mitengo ya katundu anailemba mu Seputembala. Mu Novembala kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Amene munagulako simenti kapena malata kuyambira nthawi imeneyo mukudziwa chimene chinatsala pa nambala zimene anatilembera zija.

Ndiye kunaitanidwa msonkhano kwa agulupu, pansi pa mtengo wa mango. Bambo wina wa m'gulu lathu la a X anaimirira ndi nzeru yooneka yabwino. Anati bwanji msewuwo ukafika pa sukulu ukhotere kumunsi, uzungulire kuseri kwa nyumba zonse, udzere m'mphepete mwa dambo? Utalikirako pang'ono, koma palibe khoma ligwe, zipita ndi timadimba tochepa. Anthu anaomba m'manja. Amayi ena mpaka nthungululu. Ine ndili pa benchi ndi kope langa, mtima unadumpha ndi chimwemwe, khonde langa lapulumuka.

Koma dzanja likulemba, mutu unkakana. Inu a ku Karonga, a ku Nkhotakota, a ku Mangochi, nyanja imene mumaidziwa ndi ina. Chilwa ndi nyanja yopanda mtsinje wotulutsa madzi. Likangala, Domasi, Phalombe ndi mitsinje ina imathiramo, koma madziwo amachoka ndi dzuwa lokha. Ndi yosaya, ndiye ikaphwa pang'ono gombe limathawa mtunda wautali, ikadzaza pang'ono limabwerera mtunda womwewo. Inauma mu 1968, inaumanso mu 1995, ndipo mu 2018 tonse tinaona mabwato atagona pa matope ong'aluka pa Kachulu. Zaka zouma zimenezo ndi zimene zimapusitsa anthu. Malo otsika amaoneka ngati mtunda, munthu amalima, mawa amanga kachisakasa, mkuja waumba njerwa. Kenako kunabwera Idai mu 2019, Ana mu 2022, Freddy mu Malichi 2023. Pamalo enieniwo pamene bambo aja ankaloza kuti padzere msewu, miyezi isanu yokha m'mbuyomo ine ndinawolokapo madzi ali m'chiuno, ndikukatenga mbuzi za apongozi. Aliyense pamsonkhanopo ankadziwa zimenezi. Mkulu wina, msodzi wakale amene anakhalapo zaka zambiri pa zimbowera m'kati mwa nyanja, anangong'ung'udza chapansipansi kuti nyanja iyi imapita kocheza, siisamuka. Anthu anachita ngati sanamve.

Agulupu anatembenukira kwa ine. "Alembi, inu mwapita kusukulu, mukuti bwanji?" Ndinayankha kuti, "Ine ndikungolemba, mfumu." Anthu anaseka, msonkhano unabalalika osamanga mfundo.

Madzulo ake apongozi anabwera kwathu, zimene sachitachita. Anakhala pamphasa kuseri kwa nkhokwe, nkhope atalozetsa kwina, n'kumayankhula ndi mwana wawo mokweza kuti ine pakhonde ndimve. Sanatchule dzina langa. Anangofotokoza za usiku wa machira uja, mmene mvula inkagwera, ndi mmene anang'ambira chitenje chawo kuti afunditse khanda. Atamaliza anafunsa mwana wawoyo kuti, kodi ambulansi imayandama? Kenako anatsanzika.

Pamsonkhano wachiwiri ndinaimirira. Ndinanena kuti msewu wa m'dambo tidzauyenda miyezi ya chilimwe yokha, ndipo nthawi imene timaufunitsitsa udzakhala pansi pa madzi. Ndinaululanso kuti ine ndinachenjezedwa ndisanamange. Titakweza manja, mzere wowongoka unapambana.

Apa mwina mukufuna mulembe m'munsimu kuti ndinachita chamuna. Dikirani. Ine chimene chikugwa ndi khonde ndi chipinda chimodzi. Nyumba yotsalayo tikhoza kuitseka ndi khoma latsopano n'kumagonamo. Koma nyumba yachitatu kuchokera kwathu ndi ya mayi wina wamasiye, amene anachoka ku Chikanda amuna awo atamwalira, n'kugula puloti kuno ndi ndalama zimene anawasiyira. Mzere ukudutsa pakati penipeni pa nyumba yawo, pabalaza. Iwo sanachenjezedwe ndi aliyense. Amene anawagulitsa malowo anabadwira pamudzi pompano, njira ya ngolo ankaidziwa bwino lomwe, ndipo pamsonkhano paja anakweza nawo dzanja mbali yathu. Mayiwo alibe mbumba kuno yoti iwalozere pena. Kulimba mtima kwanga kunanditengera khonde, iwo kunawatengera nyumba yonse. Kuyambira tsiku limenelo ndikawapatsa moni amayang'ana kumbali, ndipo sindiwaona olakwa.

Chimene chimandiwawa n'choti zonsezi mtengo wake unali zikhomo. Zikhomo zomwezi, zamitengo wamba, zikanakhomedwa kuseri kwa sukulu kudakali minda ya chimanga, palibe akanalira. Sizinkafuna giredala kapena ngongole yakunja, koma munthu woyeza, tsiku limodzi, ndi pepala losungidwa kwa amfumu ndi ku khonsolo. M'kati mwa mzinda mapulani a nyumba amayenera kuvomerezedwa kaye. Kunja kwa malire a mzinda, kumene anthu akuthamangira chifukwa mapuloti ndi otchipa, tauni imamera yokha ngati bowa, ndipo woyeza amafika pomaliza, atanyamula penti. Inu amene mukugula malo ku Njewa, ku Lunzu, ku Mpemba, ku Dunduzu, ndikudziwa mumafunsa za madzi, za magetsi, za mtengo. Kodi munafunsapo agogo a pamalopo kuti ngolo zinkadzera pati? Wogulitsayo sadzakuuzani. Ine anandiuza, ulere, ndipo ndinaseka.

Pamene ndikulemba pano giredala sinabwere. Ndalama nazonso sizinabwere. Amati dikirani bajeti. X wa pakhoma panga wayamba kufufuma ndi dzuwa, zikhomo zina ana anazula n'kukasonkhera moto, cha pakhonde panga akazi anga amamangirirapo mbuzi. Sitingapake penti, sitingakonze denga pamene likudontha, poti ukonzerenji chipinda choti chigwa? Koma sitingachigwetsenso tokha, kuopa kuti angadzati panalibe kanthu. Tikukhala ngati anthu a pa depoti, katundu ali m'manja, basi yosaoneka.

Mwezi wathawu ndinayamba kuumba njerwa kuseri kwa nyumba, mbali ya kumtunda, pamene apongozi analoza poyamba paja. Lachisanu lapitali ndili m'matope, kunabwera kamnyamata, mdzukulu wa mayi amasiye aja. Anaima chapatali, manja kumbuyo. "Agogo akuti mukamaliza mutibwerekeko chikombole." Ndinamufunsa kuti akaumbira kuti. Anati anyakwawa awalozera kamalo kuseri kwa chigayo. Ndinatsuka chikombolecho, n'kumupatsa pomwepo, ngakhale zanga zinali zisanakwane. Mpaka lero sichinabwerere, ndipo sindinatume mwana kukachitenga.