Kasipuling'i komwe kamateteza woyendetsa

Lolemba. Ndayamba kuphunzira ntchito pa kathirakitala konyamula mchenga ndi miyala, komwe tikumangira nyumba yosungiramo soya m'mapiri a ku Dowa. Dzina lake ndi skid steer loader, koma kuno timangoti Bobcat ngakhale katakhala ka kampani ina. Kalibe chiwongolero. Mateyala a mbali imodzi akathamanga kuposa anzake, kamakhota mokhula pansi. Amisiri omwe akundiphunzitsa andiuza kuti makinawa adayambira ku America. Mu 1957 abale awiri a kwa Keller adapangira mlimi wa nkhukundembo ka mateyala atatu kochotsera zitosi m'khola, ndipo ka mateyala anayi kadatuluka mu 1960 ku kampani ya Melroe.

Lachiwiri. Ukakhala pampando umamanga lamba, kenako umatsitsa chitsulo chopindika chomwe chimafika pamimba. Achingerezi amati seat bar. Chikakhala m'mwamba, mikono yonyamula chifosholo imakhala yokhoma. Ukachitsitsa, makina amadziwa kuti woyendetsa wakhazikika. Chathu sichikhala m'mwamba, chimangogwa chokha, ndiye wina adachimangirira ndi linya. Ine ndimayesa kuti vuto lidathera pamenepo. Amisiri adula linyalo nkundilozera kumbuyo kwa mpando, pomwe chitsulocho chimazungulira. Imodzi mwa sipuling'i ziwiri zomwe zimachigwira yathyoka. "Mphwanga," atero, "potuluka umadutsa pakati pa mikono iyi. Chitsulo chikagwa uli pakhomo, phazi nkukhudza chopondera, chifosholo sichifunsa kuti ndiwe yani."

Lachitatu. Kupeza malo athyathyathya kuno ndi ntchito payokha, koma pamtsetse sakonzerapo makina. Tatsitsa chifosholo mpaka pansi, tazimitsa injini, tachotsa kiyi, taika miyala kumateyala, tamasula waya wa negative kubatire. Amisiri andiuzanso kuti pansi pa mikono yokwezedwa salowapo popanda chitsulo chake choichirikiza. Ndisanagwire sipanala ndajambula chilichonse pafoni, ndipo bawuti, nati ndi mawashala ndazindandalika pansalu monga momwe zimatulukira.

Apa mpomwe ndikadavulala. Ndinayamba kumasula bawuti wa sipuling'i ya mbali inayo mothamanga, nkhope ili pafupi, amisiri nkundigwira dzanja. Sipuling'i yopanikizika imasunga mphamvu ngati legeni lokokedwa. Umavala magalasi oteteza maso, nkumamasula pang'onopang'ono mpaka itafutukuka yonse. Pafupi pomwepo pali kasensa, kachipangizo kamawaya kouza makina kuti chitsulo chatsika. Sakamenya ndi hamala. Tachotsa fumbi lofiira lomwe lidaumirira pamenepo, kenako tapukuta ndi nsalu.

Lachinayi. Ndinanena kuti pa Mponela sipuling'i zanjinga yamoto zili mbwee, ina ingakwanepo. Amisiri akana. Kufanana pamaso sikokwanira: kutalika, kunenepa kwa waya ndi kulimba kwake ziyenera kugwirizana ndi yakaleyo. Yofewa singanyamule chitsulo, yolimba kwambiri ingachiletse kufika pansi bwinobwino. Ndakwera minibasi kupita ku Lilongwe nditatenga yothyokayo m'thumba, ndi nambala ya makina yomwe ndakopera pakachitsulo kokhomedwa pathupi pake. Wogulitsa anayamba wafunsa nambalayo asanayang'ane nkomwe sipuling'i. Ndagula ziwiri, chifukwa inzake ija nayo yagwira ntchito zaka zofanana.

Lachisanu. Pobwezeretsa, zithunzi za pafoni zandithandiza kwambiri, makamaka pa washala wina yemwe mbali zake nzosiyana. Tamanga mabawuti molingana ndi buku la makina, osati mwamphamvu zathu zonse, kuopa kuphwanya mapulasitiki omwe chitsulo chimazungulirapo. Nditachikweza chinakhala m'mwamba phee, osagwa. Mtima wanga unadzaza ndi chimwemwe.

Koma amisiri akuti ntchito sinathe usanayese. Anthu onse atalikira. Ndakhala pampando, ndamanga lamba, ndatsitsa chitsulo, ndaliza injini, ndakweza chifosholo pang'ono chabe. Kenako ndakweza chitsulo chija nkuyesa kuyendetsa mikono. Sinasunthe ngakhale pang'ono. Izi ndi zomwe timafuna. Ikadasuntha, makinawo sakadagwira ntchito mpaka vuto litapezeka.

Loweruka. Sabata yamawa tikupita ku Ntchisi, komwe mitsetse yake njoposa ya kuno. Ndaphunzira kale kuti pokwera ndi potsika phiri mbali yolemera ya makina iziyang'ana kumtunda, chifosholo chili chapansi. Pamalo otere lamba ndi chitsulo chija ndi zomwe zimakusunga pampando makina akagwedezeka.

Anzanga ongoyamba kumene, ntchito iyi siyofuna sukulu yapatali. Masipanala ochepa, foni, nsalu ndi munthu wodziwa woima pambali panu nzokwanira. Mmawa uliwonse musananyamule mchenga, yesani chitsulocho monga ndachitira Lachisanu. Mukapeza chomangidwa ndi linya kapena waya, musayendetse makinawo, kauzeni mwini wake tsiku lomwelo.