Buleki imafa ndi kutentha

Ntchito yanga ndi mabuleki. Zina za galimoto ndimakonza ndithu, koma kuyambira pa Govala mpaka kudoko la Kachulu anthu amandidziwa ndi mabuleki. Galaja yanga ili m'mbali mwa msewu wafumbi wochokera ku Zomba kupita kunyanja ya Chilwa, ndipo ondipatsa ntchito ambiri ndi eni mapikiapu a matola. Amanyamuka padoko atasanja matumba a matemba ouma, madengu a milamba yowamba ndi makumba, pamwamba pa katunduyo patakhala amayi a geni, ulendo wa ku Zomba kapena ku Limbe. Galimoto yopangidwira tani imodzi imachoka pano itaweramira kumbuyo.

Masiku ano madalaivala achinyamata amabwera ndi foni m'manja. Amandionetsa pa YouTube galimoto zampikisano, madisiki ake atafiira psuu usiku, n'kumati, "Ankolo, tiikireniko ngati zimenezi." Sindiwathamangitsa, chifukwa chimene aonacho n'choona. Anthu ampikisano ndi amene anaphunzitsa dziko za mabuleki. Mu 1953 galimoto ya Jaguar inapambana mpikisano wa maola 24 ku Le Mans, m'dziko la France, ili ndi mabuleki a disiki opangidwa ndi Dunlop pamene anzawo ambiri anali akadali pa madilamu. Vuto limene iwo ankalimbana nalo ndi lomwe ndimalimbana nalo ine.

Galimoto ikamayenda imakhala ndi mphamvu, ndipo kuti iime, mphamvuyo iyenera kupita kwina. Buleki imaisandutsa kutentha. Kulemera kwa galimoto pamodzi ndi katundu wake kukawirikiza kawiri, kutenthako kumawirikiza kawiri. Liwiro likawirikiza kawiri, kutentha kumawirikiza kanayi. Wampikisano amawotcha mabuleki ndi liwiro, dalaivala wa nsomba amawawotcha ndi katundu, ndipo amene akutsika phiri la Zomba kuchokera ku Ku Chawe atasenza matabwa amawawotcha ndi mtsetse wosatha uja.

Ndimayambira pa mafuta a mabuleki, amene eni galimoto sawaganizira n'komwe mpaka atatha. Mafutawa amakoka chinyezi cha mumpweya pang'onopang'ono. A DOT 3 akakhala atsopano amawira pa madigiri 205, koma akamwa chinyezi amawira pa 140. A DOT 4 amayambira pa 230 n'kutsikira pa 155. Akawira, m'mapaipi mumadzaza nthunzi, ndipo nthunzi imafinyika. Dalaivala amaponda, phazi limangolowa mpaka pansi, galimoto ikupitabe. Ikazizira buleki imabwerera yokha, n'chifukwa chake ena amati awalodza. Ampikisano amasintha mafutawa pafupipafupi. Ine ndimauza anthu anga kuti chaka chisamathe, ndipo ndikatsegula kabotolo ka pa masta silinda n'kupeza mafuta atada ngati tiyi wopanda mkaka, ndimakhetsa onse. Mwana wanga wa ntchito amakhala pampando n'kumapopa, ine ndili chagada pansi ndi sipanala yaing'ono ndi kapaipi kolowa m'botolo. Timayambira tayala lakutali ndi masta silinda. "Popa! Gwira!" Ndimamasula kanati, mafuta akuda ndi thovu n'kutuluka, ndimamanga, iye n'kukweza phazi. Timabwereza mpaka m'kapaipimo muyende oyera opanda kathovu ngakhale kamodzi.

Mapadi ampikisano ndimawakana. Amapangidwa kuti agwire akatentha kwambiri, ndipo akakhala ozizira amaterera. Dalaivala wathu amafuna buleki yogwira m'bandakucha, pamene mbuzi kapena mwana wa sukulu wadumphira mumsewu galimoto itangonyamuka kumene. Madisiki obowolabowola aja nawo si a kuno. Timabowoto timadzaza mchenga umene umapala padi, ndipo ming'alu imayambira pomwepo.

Chimene ndimatengera kwa ampikisano ndi mpweya. Iwo amalumikiza mapaipi otunga mphepo kutsogolo kwa galimoto kuti izipemerera disiki. Ife mphepoyo tili nayo kale, koma timaitsekera tokha. Disiki yakutsogolo ya pikiapu ili ndi timipata pakati pake toyendamo mpweya, ndipo kuno timipatato timamatika ndi thope louma gwa. Ndimatenga sipoko ya njinga n'kumatokosa kampata kamodzikamodzi mpaka ndione kuwala mbali inayo. Ndi ntchito yotopetsa, yosagula chitsulo chilichonse, koma galimoto imasintha.

Nkhani yaikulu ili kumbuyo, ndipo ndi imene amakaniko ambiri saidziwa. Mapikiapu monga Hilux zakale zija ali ndi kavalavu komangidwa pa chasisi, kolumikizidwa ku difu ndi kachitsulo kakatali. Ntchito yake ndi kumva kulemera kwa katundu. Galimoto ikasenza, bodi imatsika, kachitsulo kaja kamakankha valavu, ndipo mateyala akumbuyo amalandira mphamvu yambiri ya buleki. Ikakhala yopanda kanthu valavu imachepetsa mphamvuyo kuti akumbuyo asakhwekhwereze. Tsono mwini galimoto akafuna kunyamula matumba ambiri amapita kukawonjezetsa masipuling'i. Bodi imakwera, ndipo ngakhale asenzetse chotani siitsika monga kale. Valavu imayesa kuti galimoto ili chabe. Kumbuyo kumangogwira pang'ono, ntchito yonse imagwera mateyala awiri akutsogolo. Munthu amabwera akudandaula kuti mapadi a masiku ano ndi achinyengo, sakutha miyezi iwiri. Ndikavula dilamu lakumbuyo ndimapeza malaining'i ali ngati atsopano.

Ena akazindikira vutoli amangochotsa valavuyo n'kulumikiza paipi mwachindunji. Zimenezo zimandiwawa kwambiri. Galimoto ikasenza imaima bwino ndithu, koma pobwerera kunyanja ili yopanda katundu, mvula itawaza, dalaivala akangoponda mateyala akumbuyo amauma, galimoto n'kutembenuka kuyang'ana kumene ikuchokera. Ampikisano amasamala kwambiri za kugawa mphamvu pakati pa kutsogolo ndi kumbuyo, moti galimoto zawo zambiri zili ndi kotembenuza pafupi ndi dalaivala kosinthira kagawidweko ali paliwiro. Ine ndimasuntha pomangira kachitsulo kaja molingana ndi mmene bodi yakwerera. Ndikatero timayesa kawiri, galimoto ili chabe ndiponso itasenza matumba a mchenga. Ndimaima pambali pa msewu n'kuyang'ana mizere imene mateyala asiya pafumbi. Akumbuyo asayambe kukhwekhwereza akutsogolo asanatero.

Nyanja nayo ili ndi mbali yake. Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Likangala, Domasi, Phalombe ndi mitsinje ina imangothiramo, madzi amachoka ndi dzuwa basi, n'chifukwa chake ndi amchere. Dalaivala amabwerera chambuyo mpaka mateyala alowe m'madzi kuti asodzi asavutike kukweza, kenaka amatsukira galimoto pomwepo. Mapaipi achitsulo amadyeka ndi dzimbiri, makamaka pamene agwidwa ndi timapanilo, ndipo amaphulika tsiku limene munthu waponda mwamphamvu. Nyanja itaphwa mu 2018, monga inachitiranso mu 1995, anthu ankatsatira madzi kutali m'thope lakuda lija. Namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023, misewu inasanduka dambo. Nthawi ngati zimenezo ndimavula madilamu n'kupeza thope lauma m'kati, zosinthira zitagwirana, chingwe cha handibuleki chosasuntha.

Pali zina zimene sindigwirapo ngakhale munthu atachonderera. Kukhomera msomali m'paipi yodontha kuti tayala limodzi lisiye kugwira, kuthira madzi a sopo m'kabotolo, kapena oyilo wa injini amene amatupitsa malabala onse. Munthu amati, "Achimwene, ndingofika nayo pa Zomba." Pamwamba pa matumba paja pamakhala anthu, ena ali ndi ana kumbuyo. Ndimamubwereka mafuta a buleki kuti adzalipire akagulitsa nsomba, koma msomali ayi. Ndimakangananso ndi madalaivala pa nkhani yoika fuli pamtsetse pofuna kupulumutsa dizilo. Ndikudziwa mmene mafuta amavutira, koma giya imene wakwerera phiri ndi yomwe uyenera kutsikira, kuti injini igwireko katunduyo. Ndipo dilamu likatentha osalithira madzi, limapindika.

Ndikaika mapadi atsopano sindipereka makiyi nthawi yomweyo. Ndimapita nayo pamalo owongoka, ndimafika pa 60, n'kuponda mwamphamvu mpaka itatsala pang'ono kuima, ndimasiya, n'kubwerezanso kangapo. Kenaka ndimayenda mtunda ndithu osaponda kuti zizizire. Padi imakhala yasiya kachikutu kake kopyapyala pa disiki, ndipo ziwirizo zimagwirana mofanana ponseponse. Ndikabwerera ndimayandikiza dzanja pa limu lililonse. Limodzi likatentha kuposa linzake la mbali inayo, jeke imalowanso pansi.