Nyamakazi si imodzi

Kwathu kuno ku Mangochi mawu akuti nyamakazi ali ngati chilimira, amakokolola chilichonse. Bondo likawawa, nyamakazi. Chala chikatupa, nyamakazi. Mwera ukayamba mu Juni timangoti ndi kuzizira, basi kugolosale kukagula Indocid kapena Brufen. Komatu dzina limodzili likubisa matenda awiri osiyana, ndipo onsewo ali m'banja mwathu.

Amalume anga, msodzi wa ku Makawa, awo amabwera ngati mbala. Amagona bwinobwino, pakati pa usiku chala chachikulu chakuphazi chatupa, chikutentha, ngakhale chitenje chikachikhudza amakuwa. Pakatha sabata imodzi kapena awiri, ali m'boti ngati palibe chinachitika. Anthu ankati anaponda mankhwala, mpaka anatemedwa mphini. Kuchipatala anawauza kuti ndi gout. M'magazi mukachuluka uric acid, impso n'kulephera kumutulutsa yense, amaundana m'mfundo ngati timasingano. Mowa, nyama yofiira, chiwindi, zakumwa zotsekemera ndi nsomba zina zimawonjezera vutoli. Amalume samwa mowa, koma mapiritsi ena a BP, monga hydrochlorothiazide, nawonso amakweza asidiyu, ndipo gout imayendanso m'magazi a pamtundu. Imakonda amuna. Allopurinol womwa tsiku lililonse amaitchinga ndithu.

Azakhali anga, amene amayanika usipa pathandala ku Msaka, awo ndi ena. Anayamba mwakachetechete, zala za manja onse awiri nthawi imodzi, kenako pamfundo za dzanja. M'mawa manja amauma gwa kupitirira ola lathunthu, osatha kumanga mpango kapena kugwira mthiko, thupi lonse lili lefu. Iyi ndi rheumatoid arthritis. Siyambitsidwa ndi chakudya kapena mphepo ya kunyanja. Ndi chitetezo cha m'thupi chimene chasokonekera n'kuyamba kulimbana ndi mfundo za mwiniwake. Bungwe la WHO likuti mu 2019 anthu 18 miliyoni padziko lonse anali nayo, ndipo 70 mwa 100 alionse anali amayi.

Kusiyanitsa awiriwa sikunayambe lero. Dokotala wa ku London, Alfred Garrod, anapeza uric acid wochuluka m'magazi a odwala gout mu 1848, ndipo mu 1859 ndi yemweyo anapatsa matenda enawo dzina lawolawo.

Chimene chimandiwawa n'chakuti wokuwa ndiye amathamangitsidwa naye kuchipatala. Amalume anabebedwa panjinga usiku womwewo. Azakhali, poti ululu wawo sufuula, anapirira zaka akungomeza mapiritsi opha ululu, omwe ukawamwa nthawi yaitali amawononga m'mimba ndi impso. Chonsecho matenda awowo ndi amene safuna kuchedwa. Mankhwala ngati methotrexate amateteza mfundo akayambidwa msanga, koma chala chikapindika sichiwongokanso. Mayi wogulitsa nsomba akataya manja, fizi ya ana yapitanso pomwepo.

Ndiye abale anzanga a m'gulu lino, wina kwanu akati nyamakazi, mufunseni: yayamba mwadzidzidzi kapena pang'onopang'ono? Ndi mfundo imodzi kapena mbali zonse ziwiri? M'mawa manja amauma nthawi yaitali bwanji? Mayankho amenewo mupite nawo kwa adokotala, ku Monkey Bay, ku Malindi kapena pa boma, ndipo muwanene monga momwe alili. Makamaka amayi athu, amene anazolowera kunena kuti "ndili bwino" manja akukana.